Kuimika ndi kusamala greenhouse yopopa pakhomo

Greenhouse yopopa ndi kanyumba ka pulasitiki kolimamo mbewu, kopanda nsanamira zamitengo kapena zachitsulo. M'malo mwake kali ndi machubu okhuthala omwe mumawapopa, ndipo akadzadza mpweya amalimba n'kupanga mauta onyamula denga ndi makoma. Mukaiphwetsa imalowa m'chikwama choti munthu mmodzi n'kunyamula. N'chifukwa chake imawayenera anthu okhala m'nyumba za lendi, omwe sangakumbe maziko pabwalo la eni ake, komanso omwe akungofuna pobisa mbande m'miyezi yozizira yokha.

Kupopako sikuvuta, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Zomwe zimawononga nyumbazi ndi mbewu zake ndi ziwiri: mphepo yakunja ndi kutentha kwamkati. Ambiri amagula poopa chisanu, koma mbewu zawo zimadzafa ndi dzuwa la masana zitseko zili chitsekere. Malangizowa akhazikika kwambiri pa ziwirizi.

Musanagule, dziwani mtundu wake

Pali zinthu zitatu zosiyana zomwe zimagulitsidwa ndi dzina limodzi lomweli. Choyamba ndi cha machubu chija: mumapopa kamodzi, kutseka valavu, basi, sichifuna magetsi. Ndicho choyenera pakhomo ndipo ndicho tikukamba pano. Chachiwiri chilibe machubu. Nyumba yonse ndi thumba limodzi lalikulu lomwe limafufuma chifukwa fani ikukankhiramo mpweya usana ndi usiku. Nzeru yake ndi yakale ndithu: injiniya wa ku America, Walter Bird, ankamanga nyumba zotere m'zaka za m'ma 1940 pophimba zipangizo za rada. Zimagwira ntchito, koma magetsi akangothima denga limatsika n'kugonera mbewu zanu. Pa dimba laling'ono sindingakulimbikitseni. Chachitatu chili ndi mafelemu achitsulo, koma denga lake ndi mapepala awiri a pulasitiki omwe kafani kamauzira mpweya pakati pawo kuti kutentha kusathawe usiku. Anachiyambitsa ndi William Roberts pa yunivesite ya Rutgers ku New Jersey mu 1964, ndipo alimi akuluakulu amachikonda, kungoti sichinyamulika.

Mukapeza ya machubu, musakopeke ndi chithunzi cha pakatoni. Funsani ngati pulasitiki yake inapangidwa yopirira dzuwa, chifukwa pulasitiki wamba imayamba kuchita mbuu n'kumaphwanyika isanathe chaka. Pepala la greenhouse labwino limakhala lokhuthala mamaikuloni 150 (mamilimita 0.15) kapena kuposa. Yang'anani ngati chubu chilichonse chili ndi valavu yakeyake; zikatero, chimodzi chikabooka zinazo zimagwirabe denga. Ndi bwinonso chubucho chikhale m'kathumba ka nsalu kotsegula ndi zipi, kuti mutha kuchitulutsa n'kuchimata kapena kuchisintha. Pampu ikhale ndi geji, kachipangizo koonetsa mphamvu ya mpweya womwe mwapopa.

Koma chachikulu pa zonse ndi mawindo. Lamulo lomwe olima m'magreenhouse amatsata ndi loti malo otsegula akhale 15 mpaka 20 peresenti ya kukula kwa pansi. Nyumba ya mamita 3 m'litali ndi 2 m'lifupi ikufunika malo otsegula okwana pafupifupi sikweya mita imodzi kapena kupitirira, ena m'munsi, ena m'mwamba, kumbali zoyang'anizana. Yokhala ndi khomo limodzi lokha ndi kawindo kongokwana nkhope, isiyeni m'sitolo momwemo ngakhale itchipe bwanji.

Malo

Sankhani pomwe dzuwa limafika maola 6 kapena kuposa, makamaka la m'mawa, lomwe limaumitsa masamba msanga. Kumbukirani kuti m'nyengo yozizira dzuwa limadutsa motsika: kumwera kwa ikweta limakhala chakumpoto, kumpoto kwa ikweta limakhala chakumwera. Khoma kapena mtengo womwe uli mbali imeneyo udzakuchititsani mthunzi nthawi yomwe mukulifunitsitsa dzuwalo.

Pewani pansi pa mtengo, chifukwa kanthambi kouma kamodzi n'kokwanira kuboola denga. Pewaninso kampata kapakati pa nyumba ziwiri komwe mphepo imathamangira, ndi pachidikha pomwe madzi amadikha ndi mpweya wozizira umasonkhana usiku. Mpanda kapena tchire la maluwa kumbali yochokera mphepo ndi bwenzi lanu, bola lisatseke dzuwa. Mbali yopapatiza ya nyumbayo ndiyo iyang'ane komwe mphepo imakonda kuchokera. Madzi akhale pafupi.

Mukasankha, salazani ndipo tolani chilichonse chosongoka: timiyala, minga, zitsa za udzu wotchetcha, misomali, magalasi osweka. Musangoyang'ana ndi maso, yendetsani chikhato pansi pomwe machubu adzakhale. Kenaka yalani lona kapena matumba okhuthala m'mizere imeneyo.

Kuyala, kukhoma, kupopa

Gwirani ntchitoyi tsiku lopanda mphepo, ndipo mukhale awiri ngati n'kotheka.

Yalani nyumbayo pansi, khomo litaloza komwe mukufuna. Musanagwire pampu, khomani zikhomo pangodya zonse zinayi. Ambiri amalakwitsa apa: amayamba kupopa, nyumba n'kudzuka isanamangidwe, kamphepo kakang'ono n'kuigubuduzira ku mpanda wa waya. Pokhoma, kokani pansi pake kuti pakhale chowongoka koma osati chothina. Yezani kuchokera pangodya ina kukafika pangodya yopingasana nayo, kenaka yezaninso mbali inayo; miyezo iwiriyi ikafanana ndiye kuti nyumba yakhala bwino ndipo zipi sidzavuta.

Tsegulani khomo ndi mawindo kuti mpweya uzilowa nyumba ikamadzuka. Yambani ndi chubu chapakati kapena chakumapeto, malinga ndi momwe wopanga walembera, ndipo chipopeni theka lokha. Mnzanu alowe mkati akankhe utawo m'mwamba kuti usapindike pakati, chifukwa chubu chopindika chimatseka njira, geji n'kumaonetsa kuti chadzadza pamene mbali ina mulibe kanthu. Machubu onse akaima theka, bwererani kumalizitsa chimodzichimodzi.

Mulingo wa mpweya umalembedwa pafupi ndi valavu kapena m'kabuku, ndipo umenewo ndiwo muzitsata. Machubu ambiri a mtundu uwu amafuna mpweya wochepa, cha m'ma 7 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya pa geji), wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa tayala la galimoto. Choncho kompuresa ya matayala isayandikire. Ingaphulitse msoko musanaphethire n'komwe.

Apa pali chinthu chomwe mabuku ambiri sakufotokoza bwino. Mpweya wotsekeredwa ukatenthedwa umakankha mwamphamvu. Tinene kuti mwapopa mpaka 7 psi m'mamawa kukuzizira madigiri 15. Masana dzuwa likuswa mtengo, chubu n'kutentha kufika madigiri 45, geji ikhoza kuwerenga kupitirira 9 psi musanawonjezemo kanthu. Ndiye mukapopa m'mawa kapena madzulo, lekezani pang'ono pansi pa mulingo. Mukapopa masana, fikani pa mulingo weniweniwo, ndipo mawa m'mamawa mukapeza machubu atafewerapo musathamangire pampu. Dikirani dzuwa likwere muone. Chubu chabwino chimati gwa mukachigwira, koma mukachikanikiza ndi chala chachikulu chimalowako pang'ono. Nyumba zina zili ndi valavu yodzitsegukira yokha mpweya ukachuluka, ndipo mukamva kakuti fyii masana musadabwe, ikugwira ntchito yake.

Zingwe

Tsekani zipi zonse musanamange zingwe. Mukamanga khomo lili lotsegula mudzakoka nsalu mopitirira, ndipo zipi sidzakumananso.

Nyumbayi ndi yopepuka koma thupi lake ndi lalikulu, ndiye mphepo imaigwira ngati thanga la ngalawa. Mphamvu ya mphepo sikwera mofanana ndi liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kumawirikiza kanayi. Mphepo ya makilomita 55 pa ola, yomwe si yachilendo mvula ikamabwera, imakankha pafupifupi makilogalamu 14 pa sikweya mita iliyonse ya khoma loyang'anizana nayo. Khoma la mamita 3 m'litali ndi 2 m'mwamba ndiye kuti likulandira makilogalamu opitirira 80, osawerengera mphamvu yonyamula denga m'mwamba. Tizikhomo tawaya tomwe timabwera m'katoni sitingapirire zimenezo. Pezani zikhomo zachitsulo zotalika masentimita 30 kapena kuposa.

Khomani chikhomo chilichonse chopendekeka, mutu wake utaloza kutali ndi nyumba, ndipo chingwe chitsike mopendekera cha m'ma madigiri 45. Gwiritsani ntchito zingwe zonse zomwe wopanga waika, osasiyako n'chimodzi chomwe. Dothi likakhala lamchenga zikhomo zimazuka, ndiye mangani chingwe pakati pa kamtengo kolimba kapena njerwa, kwirirani mopingasa m'dzenje lakuya masentimita 40, n'kupondaponda. Pa simenti pomwe simungakhome, mangirirani ku matumba a mchenga kapena zigubu zodzadza madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuwerengetsa sikuvuta.

Pomaliza psinjani mpendero wa m'munsi kuzungulira nyumba yonse ndi dothi kapena matumba a mchenga. Mphepo ikapeza polowera pansi, imafufumitsa nyumba kuchokera mkati n'kuizula ndi zikhomo zomwe. Pa chifukwa chomwechi, kukayamba chimphepo tsekani zitseko ndi mawindo onse. Ndipo mukamva kuti kukubwera namondwe weniweni kapena matalala, musalimbane naye: tulutsani mbewu za m'miphika, phwetsani machubu, yalani nyumba pansi n'kuipsinja. Uwu ndi mwayi womwe mwini greenhouse yagalasi alibe.

Mvula ikamagwa, suzumirani padenga. Pakachita kachithaphwi, kankhani ndi chikhato kuchokera mkati, osati ndi ndodo, ndipo kungani chingwe cha mbali imeneyo.

Masiku awiri opanda mbewu

Musalowetse mbewu tsiku lomwelo. Pachikani choyezera kutentha pakati pa nyumba, pa msinkhu womwe masamba adzakhale, chitatchingidwa ndi kakatoni kuti dzuwa lisachiwombe mwachindunji. Chabwino ndi chija chosunga nambala yapamwamba ndi yapansi ya tsikulo. Werengani m'mamawa, masana ndi madzulo, tsiku lina mawindo otseka, lina otsegula. Mudzadziwa khalidwe la nyumba yanu, komanso ngati pali chubu chotaya mpweya mudzachigwira kusanakhale chogwera.

Kutentha ndi chinyezi

Dzuwa limadutsa pulasitiki n'kutenthetsa dothi, miphika ndi masamba. Izi zimatenthetsa mpweya, ndipo mpweyawo umasowa kothawira. Nyumba yaing'ono imatentha msanga kuposa yaikulu chifukwa mpweya wake ndi wochepa. Tsiku lowala bwino, ngakhale kunja kukuzizirira, mkati motseka mutha kudutsa madigiri 40 nthawi ya chakudya chamasana isanakwane.

Tomato amakondwa pakati pa madigiri 21 ndi 27 masana. Kukapitirira 32 mungu wake umayamba kufooka, maluwa n'kumayoyoka osabereka, mwini wake n'kumaganiza kuti feteleza wachepa. Letesi ndi mbewu zina zamasamba zimafuna kozizirirapo kuposa apa. Kukatentha zimathamangira kutulutsa maluwa n'kuyamba kuwawa. Ndiye chizolowezi chikhale ichi: tsegulani m'mawa choyezera chikamayandikira 24, osadikira kuti mkati muyambe kuwotcha. Tsegulani mbali ziwiri, kuti wozizira ulowere m'munsi, wotentha utulukire m'mwamba. Ngati mukuchoka pakhomo tsiku lonse, siyani motsegula. Mbewu yozizidwa pang'ono imachira, koma yophikidwa sibwerera.

M'nyengo yotentha mawindo okha sakwanira. Ponyani neti ya mthunzi yotchinga 30 mpaka 50 peresenti ya dzuwa pamwamba pa denga, kunja, ndipo muimange payokha kuti isamakhule machubu. Neti yoikidwa mkati imathandiza pang'ono chabe chifukwa kutentha kumakhala kutalowa kale.

Za usiku ndinene mosabisa: pepala limodzi la pulasitiki silisunga kutentha kwenikweni. Usiku wopanda mitambo, m'bandakucha mkati mumakhala mofunda ndi digiri imodzi kapena zochepa chabe kuposa kunja, nthawi zina mofanana. Phindu lake lenileni ndi kutchinga mphepo, mvula yamphamvu ndi mame, ndi kutenthetsa dothi masana. Kuti muwonjezere, tsekani chakumadzulo dzuwa lisanalowe, ndipo ikani mkati zigubu zakuda zodzadza madzi pomwe dzuwa limaziwomba. Madzi amamwa kutentha masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Kukakhala chisanu, fundikani mbewuzo ndi nsalu yopepuka mkati momwemo n'kuichotsa m'mawa. Mbaula ya makala kapena moto uliwonse usalowe: utsi wake uli ndi mpweya wakupha wa carbon monoxide, ndipo kamoto kamodzi kothetheka kakwanira kusungunula chubu.

M'mawa mudzapeza madontho atalendewera kudenga. Akamagwera pamasamba tsiku ndi tsiku, chinyezi n'kumakhala pamwamba pa 85 peresenti, chiwawu ndi nkhungu zimapeza pokhala, ndipo mbande zimaola patsinde n'kugwa. Mankhwala ake oyamba ndi mpweya woyenda. Ngakhale tsiku lozizira, tsegulani kwa kanthawi kuti chinyontho chituluke.

Kulowetsa mbewu

Zazitali monga tomato ndi nkhaka zikhale pakati pomwe denga latalika, kapena kumbali yomwe sizitchingira zinzake dzuwa. Zazifupi ndi mathireyi a mbande m'mbali. Siyani mpata woti dzanja lidutse pakati pa masamba ndi khoma. Machubu sanapangidwire kunyamula katundu, choncho musamangirirepo zingwe zoyangira kapena kupachikapo miphika. Zikani timitengo tanutanu, ndipo nsonga ya kalikonse muiveke kabotolo kapulasitiki kapena kansanza. Mpeni, sizasi ndi waya zizikhala m'ndowa, osati m'thumba la kumbuyo pomwe mungatsamire nazo chubu.

Thirirani m'mawa, patsinde, osanyowetsa masamba. Pisani chala m'dothi kaye. Ngati masentimita awiri kapena atatu apamwamba akadali onyowa, dikirani. Miphika imauma msanga kuposa bedi, ndipo masiku otentha ingafune kawiri. Popeza mvula sigwa mkati, mchere wa feteleza umaunjikana. Mukaona zoyera zitayanga pamwamba pa dothi kapena m'mphepete mwa mphika, thirani madzi ambiri mpaka atulukire pansi.

Njuchi ndi mphepo sizilowa mokwanira, ndiye mungu muuyendetse nokha. Duwa la tomato ndi la tsabola lili ndi zonse mwa lokha, limangofuna kugwedezeka: gogodani kamtengo koyangira cha m'ma 10 koloko m'mawa, mame atauma, masiku awiri kapena atatu alionse. Maungu ndi mitundu yambiri ya nkhaka zili ndi maluwa aamuna ndi aakazi padera. Lalikazi mulidziwa ndi kachipatso kakang'ono kuseri kwake. Tengani mungu pa lalimuna ndi kaburashi kofewa n'kupaka pakati pa lalikazi.

Tizilombo tikalowa m'malo ofunda chonchi timaswana mofulumira, makamaka nsabwe za m'masamba, ntchentche zoyera ndi akangaude ofiira. Tembenuzani masamba kawiri pa sabata muone kunsi kwake, ndipo pachikani timapepala tachikasu tomata kuti muzindikire msanga. Mbewu yochokera kwina muiyang'anitsitse isanalowe. Mukapopera mankhwala, pewani kuwaza pamakoma, chifukwa a sulufule ndi a kolorini amafupikitsa moyo wa pulasitiki.

Mbande zomwe mudzaokere panja musazitulutse kamodzin'kamodzi. Kwa masiku 7 mpaka 10, zitulutseni maola ochepa pamthunzi, n'kumawonjezera nthawi ndi dzuwa tsiku lililonse.

Chubu chikamaphwa

Chubu chomwe chafewa m'mawa n'kulimbanso masana chilibe vuto. Chomwe chikulobodoka ngakhale dzuwa lili paliwombo, pamene zinzake zili gwa, ndicho chikutaya. Yambirani pa valavu, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala pamenepo: kamchenga pa kalabala kake, kapena chitsekero chomwe chalowa mopotoka. Sungunulani sopo m'madzi, pakani pa valavu ndi m'misoko, muone pomwe pakutuluka thovu. Pakapanda kuoneka, phwetsani chubucho kaye, kenaka tsegulani zipi ya kathumba kake n'kuchitulutsa. Mukatsegula chili chodzadza chimatumphukira pampatapo n'kuphulika. Chipopeni pang'ono chabe, pakani madzi asopo chonse, ndipo pobooka pazungulizeni ndi cholembera.

Phwetsani, pukutani, tsukani pamalopo ndi spiriti ndipo paume. Dulani chigamba choposa bowolo ndi masentimita awiri kapena atatu mbali zonse, ngodya zake zozungulira kuti zisamatukuke. Guluu agwirizane ndi chubu chanu, chifukwa wa pulasitiki ya mtundu wa PVC sagwira bwino pa ya mtundu wa TPU. Kabuku kamanena kuti chanu ndi chiti. Matani, kanikizani kuchokera pakati kupita m'mbali, psinjani ndi chinthu cholemera, ndipo dikirani nthawi yonse yolembedwa pa guluuyo, yomwe nthawi zambiri ndi maola 24. Pobwezera m'kathumba onetsetsani kuti sichinapotoke. Pong'ambika pa khoma kapena denga pamangofuna tepi ya greenhouse, yomata mkati ndi kunja komwe.

Kusamutsa ndi kusunga

Popeza nyumbayi imanyamulika, musaibzalire malo amodzi chaka ndi chaka ngati mukulima m'dothi. Tomato, tsabola, mabiringanya ndi mbatatesi ndi banja limodzi ndipo zimasiyirana matenda m'nthaka. Nyengo ikatha, isunthireni pa bedi lina, lakalelo lilandire mvula ndi mbewu ya banja lina.

Poisunga, itsukeni ikadali chiimire ndi madzi a sopo wofewa ndi kansalu, osati burashi yolimba, ndipo muitsukuluze. Iume mbali zonse, m'misoko ndi m'mipendero momwe, chifukwa ikapindidwa yonyowa imachita nkhungu yosachoka. Masulani zingwe, tsegulani mavalavu onse, siyani zikhomo zapangodya mpaka nyumba itagona pansi. Pindani molowetsa m'mbali, kenaka kulungani kuchokera kutali kulowera komwe kuli mavalavu kuti mpweya wotsala uzituluka. Zikhomo zikhale m'thumba lawolawo. Ikani katunduyo m'chidebe chotseka, pamalo ouma, osatentha, pomwe makoswe sangafike, ndipo guluu ndi zigamba zotsala muziike momwemo pamodzi ndi pampu.